Mizere Yoyera ya Amalume

1. Mtsikana wodana ndi zokhota

Pali ana ena amene akaona chithunzi chapendekeka pakhoma la eni, sangakhale pansi mpaka atachiwongola. Kaudongo anali mmodzi wa ana oterewa. Dzinali analipatsidwa kunyumba, linamutsatira kusukulu, ndipo pofika pano ngakhale amayi ake anali atasiya kumuitana ndi dzina lina.

Makope ake analibe khutu lopindika. Nsapato zake ankaziyala pakhomo ngati zikuyembekeza alendo. Achimwene ake ankamuseka kuti tsiku lina adzasita ukonde.

Achimwene akewo ndiwo ankayendetsa boti la banja lawo. Botilo linali lakale, koma ndilo linkadyetsa nyumba yonse. Iwo ankapha nsomba, amayi ankagulitsa, ndipo amalume, amene anali makaniko wa padoko, ankasamala injini.

Sukulu yogonera komweko itatsekera, Kaudongo anabwera kunyumba n'kupempha ntchito.

"Ntchito ilipo yokuyenera," anatero achimwene ake. "Tikabwera ku nsomba, uzitsuka boti. Koma usalipake mafuta onunkhira, nsomba zingatithawe."

Tsiku lina masana, boti litabwera, Kaudongo anatsikira kudoko ndi ndowa. Anatsagana ndi msuweni wake, mwana wa amalume aja, amene aliyense ankamutcha Wailesi. Mwana ameneyu ankayamba kulankhula asanasukusule, ndipo panalibe amene anapezapo pomuzimitsira.

Anatsuka mamba, anatsuka matope, mpaka anafika kumbuyo kwa boti. Kumeneko injini inamangidwa pathabwa lochindikala ndi mabawuti akuluakulu. Pa nati iliyonse panali mzere wa penti woyera, wochokera pamwamba pa nati kutsikira pachitsulo chapansi. Koma mizereyo inali yosakumana. Theka la pa nati linaloza uku, theka la pachitsulo linaloza uko.

"Taona, suweni," anatero Kaudongo. "Walemba izi ndani? Nkhuku?"

"Nkhukuyo ndi bambo anga," anayankha Wailesi. "Ndikawauze?"

Kaudongo anagwira pakamwa. Kenaka chisoni chinamugwira. Amalume anali atayamba kuvala magalasi, ndipo polowetsa ulusi m'singano ankaitana mwana. Anaona kuti maso ndiwo awanyenga, ndipo sanafune kuti anyamata a padoko aziseka munthu wamkulu.

"Thamanga ukatenge kachitini ka penti ndi kabulashi," anatero. "Asakuone."

Wailesi atabwera nazo, Kaudongo anapala mizere yakale ndi mpeni mpaka chitsulo chinayera. Kenaka analemba yatsopano, yowongoka ngati walembera ndi rula. Anabwerera m'mbuyo n'kuiyang'ana, mtima uli mbee.

Pambali pawo panali boti la a Ndevu, msodzi wachikulire amene ankakonda kunyamuka dzuwa likapendeka.

"Nawonso a Ndevu mizere yawo yakhota," anatero Wailesi.

"Boti la eni ilo," anayankha Kaudongo. Anatsuka kabulashi mpaka katafewa, anapukuta kachitini, n'kumupatsira msuweni wake. "Kabweze pamene unatenga."

2. Sipanala ipume

M'mawa mwake Kaudongo anaperekeza achimwene ake kudoko. Anzawo awiri ogwira nawo ntchito anali atakweza kale maukonde ndi zigubu.

Achimwene ananjuta kumbuyo kwa boti monga ankachitira tsiku lililonse. M'manja anali ndi sipanala yaikulu yobwereka kwa amalume, poti yawo inali itagwera m'madzi. Anayang'ana manati onse, imodziimodzi, n'kuimba mluzu.

"Eee, lero zonse zili pamzere! Sipanala ipume."

Mwana wina akanafunsa kuti mzere ndi sipanala zikugwirizana pati. Koma makutu a Kaudongo anangotola mawu akuti pamzere, ndipo mawuwo anamukomera. Anayang'ana kumbali kuti asamuone akumwetulira. Zoti ndi ntchito yake sananene, ankafuna kuti adzazindikire okha.

"Chemwali, kabweze sipanalayi kwa amalume," anatero achimwene. "Ife tidzera kotenga madzi oundana, kenaka ulendo. Nsomba zathawira kwakuya, ndiye lero tipita kutali."

Anakoka chingwe, injini inalira, boti lonse linayamba kunjenjemera. Kaudongo anawabayibitsa ndi sipanala m'manja.

3. Mzere si maluwa

Malo ogwirira ntchito a amalume anali shedi ya malata, yonunkha mafuta ndi dzimbiri. Pakhomo Kaudongo anapeza Wailesi atakhala pa tayala. Mkati amalume ankalankhula mokweza, ndipo amalume akamalankhula chomwecho munthu wanzeru salowa.

Pabenchi panali injini yonyowa. Kumbali kwake kunkalendewera chidutswa cha thabwa long'ambika. Mwini wake, msodzi wachinyamata, anaima pafupi atazolika.

"Ukuti inangogwa yokha?" ankatero amalume. "Palibe chimagwa chokha, mwana iwe. Tamvera ndikuuze, ndipo ukauzeko anzako.

"Injini ikamalira imanjenjemera. Ika dzanja pathabwa lakumbuyo uone, dzanja limachita dzanzi. Kunjenjemera kumeneko sikuthera pa injini. Kumalowa m'thabwa, kumalowa m'mabawuti, kumafika pa nati. Ndiye nati sikuwa ayi, sidandaula. Imangotembenuka pang'ono, kochepa kuposa tsitsi. Lero pang'ono, mawa pang'ono. Ikangoyamba kukhwefuka, imathamanga. Pamene iwe ukumva gwedegwede, ntchito yatha kale.

"N'chifukwa chake ine ndikamanga nati, ndimalembapo mzere woyera kuchokera pamwamba kutsikira pachitsulo. Mzere umenewo si maluwa. Ndi mboni. Nati ikatembenuka, mzere umaduka, theka uku, theka uko. Ukaona mzere woduka, dziwa kuti nati ikukuuza kuti, 'Ndikupita, ndigwireni.' Ukaona wowongoka, pita mtima uli pansi.

"Wako unaduka, iwe unauona, n'kunena kuti ndimanga mawa. Mawa ndi limeneli. Chikhala kuti sunali pafupi ndi gombe, sitikanalankhulana. Injini ikamagwa sipita yokha. Imazula thabwa, madzi n'kulowa, ndipo kwakuya kulibe mnansi woti n'kukubwereka ndowa."

Sipanala inalemera m'dzanja la Kaudongo.

Mizere yonse ya pa boti lawo inali yoduka dzulo. Manati ankaitana, ndipo iye anawatseka pakamwa ndi penti.

4. Pakhomo pa shedi

Anatembenukira kwa Wailesi. Msuweni wakeyo anali atamva zonse, ndipo anali atabisa manja m'khwapa ngati kukuzizira.

"Suweni, wamva?" ananong'ona Kaudongo.

"Khala chete," anayankha Wailesi. Mawu ake anali otsika, zimene sizinkachitika kawirikawiri. "Wakuona ndani? Mwina sizimasuka lero. Akabwera madzulo timanga mwakachetechete, nkhani yatha."

"Akabwera?"

"Abwera, amabwera masiku onse. Ukalowa umo, bambo akulalatira pamaso pa anthu. Ukuwadziwa bambo anga, mawu awo amafika kumsika. Pofika madzulo doko lonse lidziwa. Udzayenda bwanji m'msewu?"

Zimenezo zinali zoona. Kaudongo anali mwana wosazolowera kudzudzulidwa, ndipo manyazi ankawaopa kuposa mkwapulo. Anaima pakhomopo, phazi lina mkati, lina kunja.

Anayang'ananso thabwa long'ambika lija likulendewera pa injini ya eni. Kenaka analowa.

"Amalume."

"Dikira, ndili ndi munthu."

"Amalume, sindingadikire. Ndalakwa."

Amalume anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana. Kaudongo anafotokoza zonse: mizere yokhota, mpeni, penti, ndi achimwene amene anati sipanala ipume. Dzina la Wailesi sanalitchule. Msodzi wachinyamata uja anangoti kukamwa yasa.

"Usanalembe, unamanga manatiwo?" anafunsa amalume.

"Ayi."

"Yoduka inali iti?"

"Yonse."

Amalume sanakuwe. Anatulutsa foni n'kuimbira achimwene. Inalira mpaka inasiya yokha. Aliyense padoko ankadziwa kuti msodzi akakwera m'boti, foni amaikulunga m'pulasitiki n'kuiponya m'chigubu.

"Kukalipa ndikukalipira madzulo, usadandaule," anatero amalume. "Pano tenga njinga yanga. Ine mawondo awa sangapalase. Pita kumene amatenga madzi oundana. Ukawapeza, azimitse injini pomwepo. Sipanalayo usaisiye."

5. Matope mpaka m'mawondo

Njinga ya amalume inali yaitali, ndipo chishalo chake chinali chong'ambika. Kaudongo anaikwera choimirira.

Anadutsa pampopi wa petulo. Anadutsa amuna osoka maukonde, amene anakweza miyendo kuti asapondedwe. Pokhota panali chithaphwi cha madzi otsukira nsomba. Tsiku lina lililonse akanatsika n'kuchizungulira atagwira siketi. Lero anangopyola pakati, matope n'kumuthira mpaka kumaso.

Pamalo a madzi oundana anapeza wogulitsa akukolopa pansi.

"Achimwene anga ali kuti?"

"Angonyamuka kumene. Si awo?"

Boti linali litachoka kale, likulunjika potulukira. Doko limenelo linatchingidwa ndi khoma lalitali la miyala, ndipo boti lililonse lotuluka linkadutsa kumapeto kwa khomalo, pamene panali mzati wachitsulo wa nyali.

Kaudongo anagwetsa njinga n'kukwera pakhoma. Anathamanga pamiyala yoterera. Nsapato imodzi inavuka n'kugwera m'madzi, iye osacheuka.

"Achimwene! Achimweneee!"

Mawu ake anamezedwa ndi injini. Achimwene anali atagwira chiwongolero, maso kutsogolo. Anzawo aja ankakonza maukonde atapenya pansi.

Anafika pamzati uja mpweya utamuthera. Boti linali likudutsa. Anakweza sipanala ndi manja awiri n'kumenya mzatiwo.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Chitsulo chikalira pamadzi chimamveka patali. Mmodzi wa anyamata aja anadzutsa mutu, analoza, n'kugwira achimwene paphewa.

Pambuyo pake achimwene ankakonda kunena kuti sanabwerere chifukwa cha kulira kwa chitsulo. Ana amamenya mzati umenewo masiku onse. Chimene chinawabweza n'chakuti anaona mlongo wawo ali ndi matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi, tsitsi lili nyankhalala, iye osasamala. Anadziwa kuti kwagwa chachikulu.

Boti linakhota n'kubwera pansi pa khoma.

6. Nati m'chikhatho

"Kwagwanji?" anakuwa achimwene. "Amayi?"

"Amayi ali bwino. Zimitsani injini!"

"Ukudziwa kuti tachedwa kale?"

"Zimitsani, achimwene, chonde!"

Injini inazima, ndipo panangoti zii. Kaudongo anatsika pamiyala mpaka anafika pafupi ndi boti.

"Mizere ija ndinalemba ndine dzulo," anatero. "Ya amalume inali yoduka, yonse. Ndinaona ngati analakwitsa, ndiye ndinaipala n'kulemba ina. Manati sindinamange. Sindinkadziwa."

Achimwene anamuyang'ana, n'kuyang'ana mizere. Inali yokongola ndithu. Koma ina inali itayamba kale kusiyana, ngakhale kuti boti linali lisanatuluke n'komwe padoko.

Anagwira nati imodzi ndi zala ziwiri n'kupotoza. Inazungulira ngati chitsekero cha botolo.

Anagwira ina. Imeneyo inazungulira pang'ono n'kugwera m'chikhatho chawo.

Mmodzi wa anyamata aja anakhala pansi pa maukonde pang'onopang'ono. Mnzake anavula chipewa, anachiyang'ana, n'kuchivalanso. Kunja kwa khoma mafunde ankamenya miyala, ndipo onse anatembenuka kuwayang'ana.

"Kumene timapita lero," anatero amene anakhala pansi uja, "ngakhale mbalame zimapita zitatsanzika."

Mnzake anayamba kuseka. Kunali kuseka kwa munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono. Posakhalitsa onse atatu ankaseka, achimwene akupukusa mutu, nati ili m'manja.

Koma Kaudongo sanaseke nawo. Anakhala pamwala wonyowa n'kuyamba kulira mokweza ngati kamwana.

"Nanga ukulira chiyani?" anatero achimwene. "Si ine ndili panoyu? Tandikhudza."

"Ndikanakuphani."

"Ukanatero, koma wabwera. Bweretsa kuno sipanalayo."

Anaitenga n'kumanga manati onse, koma injini sanailizenso. Anati amalume ayambe aona ngati mabowo a m'thabwa sanakule. Anakweza Kaudongo m'boti, anatola nkhafi, n'kuyamba kupalasa kubwerera. Njinga anaitengera kwa wogulitsa madzi oundana uja n'kuiika pamwamba pa maukonde.

Ulendo wobwererawo unali wapang'onopang'ono, ndipo unali wokoma. Dzuwa linali kuwala, madzi a m'doko anali bata. Kaudongo anakhala moyandikana ndi achimwene ake, akumva thukuta lawo ndi fungo la nsomba. Kwa nthawi yoyamba fungolo silinamunyanse.

"Chemwali," anatero mmodzi wa anyamata aja, "nsapato inayo tiiponyenso m'madzi, kuti nsomba imene yatola ija ivale zofanana?"

Kaudongo anaseka misozi ili m'masaya.

7. Mawu a amalume

Pamalo awo oimikapo boti anapeza amalume ataima ndi ndodo. Amayi analinso pompo, atasiya nsomba pamsika m'manja mwa mnzawo. Wailesi anaima kumbuyo kwawo.

Amayi sanadikire kuti boti limangidwe. Analowa m'madzi ndi zovala, anagwira mwana wawo wamwamuna kumaso ndi manja awiri, n'kumuyang'anitsitsa ngati wachokera kutali. Kenaka anamumenya kambama paphewa.

"Iwenso, zala ulibe? Kungoyang'ana basi?"

"Mizere inali yowongoka, amayi."

"Mizere ndiyo inakubereka?"

Anatembenukira kwa Kaudongo. Anaona matope, anaona phazi lopanda nsapato likutuluka magazi pang'ono. Anangomukokera pachifuwa n'kumugwira nthawi yaitali.

Amalume anakwera m'boti movutikira. Anamasula injini mothandizidwa ndi anyamata, anapisa chala m'mabowo, anagogoda thabwa. Anthu anali atayamba kusonkhana, poti nkhani ya padoko imayenda yopanda njinga.

"Thabwa lili bwino," anatero pomaliza. "Tachipeza chisanadye."

Aliyense anapumira m'mwamba. Amayi anakhala pa chigubu n'kuyamba kufinya chitenje chawo.

Injini itabwezeretsedwa ndipo manati atamangidwa mwamphamvu, amalume anapukuta manja n'kuitana Kaudongo. Iye anabwera atazolika. Anadziwa kuti ngongole ya kukalipa ija yafika.

"Mwana wa mlongo wanga," anayamba amalume, "ndinati ndikukalipira, ndiye tchera khutu.

"Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ukapeza chinthu pantchito ya munthu chikuoneka chokhota, usathamangire kuchiwongola. Yamba wafunsa kuti chakhotera chiyani. Pali zinthu zina zimene kuipa kwake ndiyo ntchito yake. Mzere woduka ndi wonyansa, inde, koma umanena zoona. Wako unali wokongola, koma unkanama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Unandimvera chisoni kuti maso anga atha. Zikomo. Koma ukanabwera n'kundiuza kuti, 'Amalume, mizere yanu yakhota,' ndikanakugulira chakumwa. Chisoni chochitira munthu kumbali n'choopsa. Ukafuna kundithandiza, ndithandize ndikuona.

"Ndipo inu anyamata, mwamva amayi anu. Mzere ndi wothandiza diso, koma sulowa m'malo mwa dzanja. Yang'anani, kenaka gwirani. Ifenso akulu tili ndi mbali yathu. Timapatsa mwana ndowa kuti atsuke boti, osamuuza kuti ichi n'chiyani, icho n'chiyani. Kenaka tidabwa."

Anaima kaye n'kuvula magalasi.

"Tsopano imva chachiwiri, ndipo anthu onsewa amve. Kulakwa aliyense amalakwa. Nati nayo imamasuka popanda woituma. Choopsa ndi kupaka penti pamwamba pa cholakwa kuti chioneke chowongoka. Mwana uyu akanatha kukhala chete. Palibe akanadziwa, ndipo tikanati ndi tsoka la panyanja. Koma analowa m'shedi mwanga, pamaso pa mlendo, n'kunena kuti ndalakwa. Lero mlongo wanga agona ndi ana ake onse m'nyumba chifukwa cha mawu amenewo. Kukalipa kwanga kwathera pamenepa."

"Kokhako?" anafunsa achimwene. "Ine mukandikalipira zimafika mawa."

"Iwe uli ndi mutu wouma, umafuna sipanala yaikulu."

Anthu anaseka. Kaudongo anadzutsa mutu. Manyazi amene ankawaopa aja anabweradi, koma anapeza kuti ndi opepuka kuposa mmene ankaganizira. Mtima wake unakhala pansi.

"Komabe," anapitiriza amalume, "chilungamo n'chakuti dzanja lako ndi lowongoka kuposa langa. Kuyambira lero mizere uzilemba ndiwe. Lamulo ndi limodzi: sipanala iyambe yalankhula, penti azibwera pambuyo. Ndipo nati imene ukulemba uziyamba waigwira wekha."

Anamupatsa sipanala. Kaudongo anaikoleka pa nati iliyonse n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Panalibe imene inasuntha.

"Mwana wanga," amalume anaitana Wailesi, "katenge penti ndi kabulashi."

8. Kabulashi kouma

Dzuwa linali litapendeka pamene Wailesi anabwera nazo. Anthu anali atabalalika. Amayi anali atabwerera kumsika, ndipo amalume ndi achimwene anakhala chapatali, akukambirana zoti ulendo ukhale wa mawa.

Wailesi anaika kachitini pathabwa. Kaudongo anazindikira kuti chibwerereni sanamve mawu a msuweni wake, ngakhale pamene anthu onse ankaseka.

Kaudongo anatola kabulashi kuti akaviike mu penti. Kanali kouma gwa, tsitsi lake litamatana ndi penti.

Kaudongo anakatembenuza m'manja. Iye sankasiya bulashi yosatsuka. Dzulo anakatsuka yekha mpaka katafewa, asanakapereke.

"Suweni, tandionetsa manja ako."

Wailesi anawabisa kumbuyo.

"Tandionetsa."

Anawatulutsa pang'onopang'ono. M'zikhadabo monse munali penti woyera.

Kaudongo anacheukira pambali, pamene boti la a Ndevu linkakhala. Panali madzi okhaokha ndi chingwe chikuyandama.

"Unalemba mizere pa boti la a Ndevu?"

Wailesi anagwedeza mutu movomera. "Yako inakongola kwambiri. Ndinkafuna ndione ngati nanenso ndingathe. Iwe utapita, ndina..."

"N'chifukwa chake unkati ndikhale chete."

Misozi inatsika pamasaya a Wailesi.

Kaudongo anaimirira m'boti n'kuyang'ana kudoko konse. Analiona. Boti la a Ndevu linali pampopi wa petulo, zigubu zitakwezedwa, adzukulu awo awiri atakhala kale pamaukonde. Mkuluyo anawerama kumbuyo, anayang'ana manati ake, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anagwira chingwe cha injini.

Kaudongo anatenga dzanja la msuweni wake, lomwe lija la penti, n'kuikamo sipanala.

"Bambo ako ali apo, njinga ili apo," anatero. "Ukapanda kunena iwe, ndinena ine. Koma ndakuuza, suweni, zimapepuka zikachokera pakamwa pako."

Wailesi anayang'ana msana wa bambo ake. Anayang'ana sipanala. Anatsegula pakamwa, pakamwa paja posatseka, koma sipanatuluke kanthu.

Kumpopi wa petulo injini inatsokomola, inatsokomolanso, n'kuyamba kulira.